Masabata Anayi Ofunafuna a Mackford

Area 12, Lilongwe
9 Sepitembala 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja wayamba kupepuka. Ine kuno ndili bwino, kungoti mtima sunakhazikike. Ndalemba msanga chifukwa mwana wanu Marcelina akubwera kumudziko Loweruka, ndipo mukumudziwa: nkhani akainyamula kuno ili mwanapiye, imafika kumeneko ikulira kokoliliko. Akakuuzani kuti ndadulidwa mu mpingo, musakomoke. Sindinadulidwe. Zinangotsala pang'ono.

Zinayamba mwezi watha. Abusa analalikira za munthu uja anali ndi nkhosa 100, imodzi n'kusochera, iye n'kusiya 99 kukafuna imodziyo. Pomaliza anafunsa kuti, "Pa benchi panupo, palibe amene akusowa?" Nditayang'ana kumanzere ndinakumbukira kuti a Mackford, akabaza amene timakhala nawo benchi imodzi, papita miyezi iwiri osaoneka. Ndinadziwa kuti abusa akunena ine, chifukwa pofunsapo anayang'ana mbali yathu, ngakhale kuti mbali yathuyo ndi kumenenso kuli wotchi.

Kwa abwana kuno ndimapuma Lamulungu lokha, masiku enawo ndi kuthirira maluwa ndi kutsegula geti. Ndiye Lamulungu lotsatira ndinavala jekete, ndinadutsa tchalitchi osalowa, n'kukwera minibasi yopita ku tauni. Sindinauze munthu, poti m'fanizo muja sitimva kuti mbusayo anatsanzika. Foni yanganso inali itagwera m'ndowa.

Amayi, akabaza mu Lilongwe muno achuluka ngati inswa. Ndinafunsa ku depoti, kumsika, ku Malangalanga, mpaka pamlatho. Aliyense ankati, "Mackford wake uti, wamtali kapena wopanda dzino?" Ine sindinkadziwa, chifukwa m'tchalitchi timakhala pansi ndipo a Mackford saseka. Ndinayamba kuganiza kuti mwina anagundidwa, mwina ali m'ndende, mwina anamwalira ine ndikuimba nyimbo pambali pa malo awo.

Lamulungu lachitatu miyendo inakana. Ndinakhala pakhonde pa a Shafiq, atelala ena a pafupi ndi mzikiti. Anandipatsa tiyi, ine n'kuwafotokozera zonse.

"Kutchalitchi kwanuko mwafunsako?" anatero a Shafiq.

"Kumeneko ndiye kumene anasowa," ndinayankha.

"Achimwene, ine mbuzi ikasowa, ndimayamba ndawerenganso za m'khola."

Ndinathokoza tiyi, koma mumtima ndinati awa fanizoli sakulidziwa. Lamulungu lachinayi ndinapitanso.

Chimene ndinaiwala ndi ichi. Mpingo wathu kuno uli ndi lamulo lakuti munthu akajomba masabata anayi osapereka chifukwa, akulu a mpingo amamuimitsa mgonero, ndipo kalata imapita ku mpingo wa kwawo. Ndiye kuti ikanawerengedwa inu muli pomwepo pakati pa amvano anzanu.

Lachinayi masana ndikudulira mpanda ndinamva belu. Nditatsegula geti ndinapeza njinga yamoto, ndipo pamwamba pake a Mackford, atamanga tayi, onenepa bwino.

"A Redson," anatero, "akulu a mpingo andituma. Akuti mwasochera."

"Wosochera ndinu," ndinawauza. "Ine ndakhala ndikukufunani."

"Mumandifuna kuti? Ine masabata anayi ndakhala ndekha pa benchi paja ngati wa mphere."

Munthuyu anali kwawo ku Ntchisi kudwazika bambo ake, ndipo akuluakulu ankadziwa. Anabwerera m'tchalitchi Lamulungu lomwe lija ndinadutsa panja nditavala jekete. Akuti anandiona pazenera, anaganiza kuti ndikupita kumaliro.

Dzulo m'mawa anabwera kudzanditenga. Ndinakwera kumbuyo nditatsinzina, nditawagwira m'mimba njira yonse, mpaka anandipempha kuti ndiwasiyireko mpweya. Mapemphero asanayambe, akulu a mpingo anandiitanira m'kachipinda kakumbuyo. A Chikaonda, amene amasunga malamulo, anamvetsera nkhani yanga yonse, kenaka anati, "Tamva. Koma anayi ndi anayi. Tikamasula apa, mawa aliyense akagonereza adzati amafuna nkhosa."

Ndinkakuonani inu mutaweramitsa mutu kalata ija ikuwerengedwa.

Pamenepo mayi Eveless, mkulu wa mpingo wachizimayi, anafunsa mosakweza mawu: "A Chikaonda, mbusa uja atabwerako, nkhosa 99 zija zinakhala pansi n'kumuimitsa mgonero?"

A Chikaonda anatsegula Baibulo, anafufuza, anatsekanso. Anati zimenezo sizinalembedwe. Mayi Eveless anati chimene chinalembedwa ndi chikondwerero, ndiye tichite cholembedwacho.

Choncho abusa anandiimika kutsogolo kwa anthu onse, a Mackford atandigwira paphewa, n'kulengeza kuti nkhosa yathu yapezeka. Azimayi anaimba nthungululu. Agogo ena anandipukuta nkhope ndi chitenje. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze, ndinene kuti pepani, pankhaniyi ine ndine mbusa. Koma ndinatsekanso. Ndikuuzeni zoona, Amayi: zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikutsegula geti lija, ndipo aliyense woliza belu amafuna abwana kapena adona. Lachinayi lija kanali koyamba munthu kuliza belu akufuna ine. Ndiye ndinangovomera unkhosawo. Mgonero ndinadya.

Marcelina akanena kuti ndinalira, muziti chinali chimfine. Fumbi la ku depoti si labwino.

Mupereke moni kwa amalume ndi kwa amvano onse, koma kalatayi asaione. Mankhwala opaka mwendo ndamupatsira Marcelina, mumufunse asanayambe kulankhula.

Muperekenso moni kwa achimwene a Davison. Ndikudziwa kuti chiikire maliro a bambo sitinalankhulane, ndipo mwina dzina langa safuna kulimva. Mungowauza kuti geti lathu ndi lobiriwira, belu lili kumanja. Akakana kubwera, mundiuze tsiku limene amapezeka pakhomo, ndibwera ndine. Koma lisakhale Lamulungu.

Ndine mwana wanu,
Redson