Mabokosi a Zilembo a Bambo Zikhale

Lolemba, 3 Marichi 2025
Nyumba yathu yosindikiza mabuku ku Old Town itsekedwa pa 14. Eni atsopano alamula kuti mabokosi makumi anayi a zilembo za mtovu agulitsidwe ngati zitsulo zakutha. Zilembo za Bambo Zikhale, amene anasanja masamba a mabuku athu zaka 37, kufikira sitiroko inawatseka pakamwa. Ine wosunga kaundula sindinafunsidwe.

Lachitatu, 5 Marichi
Ku City Centre, ku ofesi yosunga zinthu zakale, kukapempha kuti asunge mabokosiwo. Ndinafotokoza mwadongosolo. Kuti Bambo Zikhale ankatenga tsamba latsopano kupita nalo kumsika kwa amayi ogulitsa nyemba. Mayi akangofinya maso powerenga, ankaliphwasula lonse n'kuyambiranso. Kuti osindikiza ambiri m'tauni muno anadutsa m'manja mwawo. A Nebert, mkulu wa ofesiyo: "Nkhani yokoma, bambo, koma tibweretsereni pepala lakale lokhala ndi dzina lawo. Apo ayi, kwa ife ndi mtovu basi."

Lachinayi, 6 Marichi
Mabuku 212 ndatsegula. Dzina mulibe; wantchito sankalembedwa m'buku. Ndatsegula kaundula wanga: tsiku, mwini buku, masamba, mtundu wa pepala. Danga la wosanja zilembo palibe. Mizereyo ndinajambula ndine, ndi rula, mu 1989. Ndinkanyadira ukhondo wake.

Lamlungu, 9 Marichi
Ku Area 15, kwa Margret, mwana wa Bambo Zikhale, kumene bambowo akudwalira. Pepala alibe. "Adadi? Ngakhale chithunzi cha paukwati wanga anathawa. Inu simunawalembe bwanji, poti mumalemba ngakhale mapensulo omwe m'kaundula wanu?"

Lachisanu, 14 Marichi
A Hamdani ogula zitsulo anafika m'mawa ndi lole. Mabokosi kukhuthulira m'matumba, zilembo zazikulu ndi zazing'ono pamodzi. Ndinakweza mawu, chinthu chimene sindinachitepo pantchito. Iwo anaimitsa anthu awo: "Madala, musadwale nazo. Latsala limodzi ili, nyamulani, nditumiziredi moni kwa mwini wake."

Loweruka, 15 Marichi
Bokosilo ndinalikulunga m'nsalu, ndi kulipanira m'khwapa choimirira, monga ndimanyamulira mafayilo. Zaka zonsezi ndinkawaona Bambo Zikhale akulinyamula chogoneka, ndi manja awiri, ngati lichero lodzaza. Sindinafunsepo chifukwa.

Ku Area 15, Margret analimasula pabedi. Zilembo zonse zinali zitasefukira mbali imodzi, tizipinda ta m'bokosimo, mokhala chilembo chilichonse pachokha, tili topanda kanthu. Bambo Zikhale anatambasula dzanja lamoyolo osayang'ana, napisa chala m'kachipinda kamodzi, kenaka kena. Anandiyang'ana nthawi yaitali, natembenukira kukhoma.

Bokosilo ndabwerera nalo, lilipo patebulo panga. Sindidziwa chilembo chiti chimakhala pati, ndipo wondiuza palibe.