Bambo Anga ndi Ndowa ya Nyambo

Aphungu,

Loweruka lililonse ndimadzipereka kuima padoko la nyanja yathu yaing'ono, kuyendera maboti asanalowe m'madzi. Timaopa nkhono za mizere ngati mbidzi, zomwe zimamatirira ku maboti ndipo zadzaza nyanja zoyandikana nafe. Kuno sizinafike. Ndabwezapo anthu ambiri, ena akuchita kunditukwana.

Vuto ndi bambo anga. Ali ndi zaka 79, ndipo akukhala nafe chimwalirireni mayi. Amawedza ndi nyambo ya tinsomba tamoyo, koma madzi osungiramo tinsombato amakatunga kunyanja yomwe anakulira, ulendo wa ola lathunthu pagalimoto. Kumeneko nkhono zinadzaza kalekale. Akamaliza kuwedza amakhuthulira ndowayo m'nyanja yathu.

Nditawaletsa anandiseka. "Iwe Marja, tayang'ana madziwa! Kwathu ungawerenge miyala ya pansi uli m'boti. Anuwa ndi tiyi." Ndinati, "Ababa, lamulo likukana." Anangoti, "Lamulolo labadwa liti? Ine ndinayamba kuwedza iwe usanalotedwe n'komwe."

Chisungunukireni ayezi yemwe amakuta nyanjayi nyengo yozizira, ndawalola kudutsa kanayi, ndikunamizira kumanga nsapato. Mnzanga wa padoko, Mayi Halvorsen, ayamba kuiyang'anitsitsa ndowayo. Ndikuchita manyazi, komanso ndikuopa kuwalanda bambo kanthu kokhako kakwawo komwe kawatsalira. Nditani?

M.L., Bemidji

Mayi M.L.,

Bambo anu sakunama, madziwo ndi oyeradi. Koma awayeretsa ndi nkhono zomwezo, zomwe zimasefa chakudya cha tinsomba n'kusiya madzi ali mbee. Ana a nkhonozo saoneka ndi maso, ndipo amayenda bwinobwino m'ndowa ngati imeneyo.

Musakangane nawo padoko. Munthu wamkulu mukamuchititsa manyazi pagulu amaumirira dala. Lankhulani nawo kunyumba, atadya, ndipo za lamulo zisiyeni, anazimva kale. Apempheni akutengeni kunyanja yakwawoyo, avuule mwala umodzi ndi dzanja lawo, aone okha zomwe zamatirirapo. Nyambo azisungira m'madzi a pachitsime chanu, otsala azitaya kumtunda, kutali ndi nyanja. Ngati chikuwavuta ndi kulakalaka kumudzi kwawo, muzipita nawo akawedze komweko kawiri pamwezi, boti n'kulitsuka ndi kuliumitsa lisanalowenso kwanuko.

Za maulendo anayi aja kauzeni nokha oyang'anira nyanja, kuti ayeze madzi. Ndi bwino amve kwa inu kusiyana ndi kumva kwa Mayi Halvorsen.

Bambo akakanabe, Loweruka likubwerali muwabweze ngati mlendo wina aliyense. Adzakwiya, mwina sabata yathunthu osakulankhulani, koma zimenezo zimatha. Nkhono zikakhazikika m'nyanja, kuzichotsa n'kovuta kwambiri. Ndipo ngati mukudziwa kuti mudzawalolanso kachisanu, tulani pansi ntchito ya padokoyo lero, chifukwa onse munawabweza aja munangowavutitsa chabe.