Phazi Lasiya Kutumiza Uthenga

Lolemba, 8 Seputembala 2008

Manyazi a lero ndiwalembe asanazizire. Pabwalo la sukulu panali kalembera wa makuponi a fetereza. Ine, mphunzitsi wopuma wa sayansi, munthu wa ku koleji, ndinaona kuti anthu sangabalalike osalawako nzeru zanga. Ndaimirira, ndayamba kufotokoza za anthu akufa amene amalandirabe makuponi chaka ndi chaka, nkuwazako Chingerezi pang'ono ngati mchere. Ndili pakati, mai Fainala a kutsidya akundikoka malaya. M'manja mwawo muli patapata. Akuti amutola pa mlatho wa mitengo, ndiye aona mnzake ali kuphazi kwangaku, mwina awiriwa akusowana.

Kuyang'ana pansi, phazi lakumanzere lili pamtunda, fumbi mpaka m'kakolo. Kuchokera pamlatho kufika pasukulu ndi kilomita yathunthu, miyala ndi zisoso zokhazokha. Sindinamve kanthu. Anthu aseka, ine ndaseka kuposa onse, nkunena kuti ndikuyeserera umphawi kuti andilembe msanga.

Kunyumba ndapeza njinga yatsamira mtengo wa mango. Alamu anga a Lemani, achimwene ake a malemu mkazi wanga Ezelina, achokera ku Kapelula. Akuti angodutsa.

Lachiwiri, 9 Seputembala

Wongodutsa uja wafunsa komwe ndimayanika zovala.

Lachitatu, 10 Seputembala

L. amayankhula kuyambira tambala woyamba. Lero ndamva mbiri ya belo lawo la fodya lomwe linabwezedwa ku okushoni mu 1994, kachitatu. Nthawi iliyonse belolo likulemera.

Koma ine si mwana. Chaka chatha ndi miyezi iwiri chiyikireni E. m'manda. Pano ndine mkamwini, zaka makumi atatu ndi chimodzi. Nyumba ndinamanga ndine, dothi lake ndi la kwawo. Mwambo ndimaudziwa: mkazi akamwalira, chaka nkutha, akuchikazi amatuma munthu kudzakusudzula, utenge khasu lako ubwerere kwanu. Kwathu ku Dowa kwatsala ndani? Manda, ndi mwana wa mlongo wanga amene amanditchula kuti a uje. Ndiye L. akangokonza kukhosi ndimati nayo nkhani ija. Amangopempha tiyi wina.

Lamulo langa: asaone phazi. Munthu wolima yekha samufulumizira. Wodwala ndiye amamupezera chifundo chomutumiza kwawo.

Lachinayi, 11 Seputembala

Ndalowa kubafa ndi singano ya E., ija ankasokera masiketi.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndinkajambula munthu pa bolodi, ubongo pamwamba, chingwe chotsika m'kati mwa fupa la msana, timinyewa tochoka pamenepo kupita paliponse ngati mizu ya nsenjere. Ndinkauza ana kuti minyewayi ndi amesenjala a mitundu iwiri. Ena amakwera ndi nkhani: kuno kwatentha, kuno kwalasa minga. Ena amatsika ndi malamulo: phazi iwe, nyamuka. Ana nkumayasamula.

Zotsatira za mayeso a lero. Chala chachikulu chakumanzere, zii. Zala zinazo, zii. Chidendene, ngati wina akugogoda nyumba ya aneba. Pakakolo ndiye ndinalumpha. Kumanja zala ziwiri zayambanso kunyalanyaza. Malamulo akutsika bwinobwino, phazi likuyenda ndikalituma. Nkhani zochokera kumudzi ndiye sizikufika ku likulu. Thupi langa lasanduka boma.

Ndikudziwanso chifukwa chake zayambira kuzala. Minyewa yaitali kwambiri m'thupi ndi yomwe imafika kumeneko, ndipo ikamafa imayambira kunsonga, nkumakwera ngati munthu akuvala sokosi. Funso limeneli ndinalifunsapo pa mayeso. Malikisi awiri.

Lachisanu, 12 Seputembala

Ndakwera pachulu, pokhapo pomwe foni imagwira, kuyimbira mwana wanga Feliya ku Blantyre. Anali mu minibasi. Muli bwanji adadi, ndili bwino, mvula kumeneko, ayi sinayambe, chabwino ndiyimbanso. Ndinali nditakonza chiganizo chonse cha phazi, mneni ndi mwininkhani zili m'malo mwake. Ndatsika nacho pachulu.

E. akanaona kalekale. Loweruka lililonse madzulo ankandikhazika pakhonde, phazi langa pamwendo pake, nkumazula minga ndi pini uku akundinena kuti munthu wophunzira amayenda ngati ng'ombe. Chimwalirireni iye palibe amene wagwirapo mapazi amenewa. Mwina anangoona kuti palibenso womuuza nkhani, nkukhala chete. Izi si sayansi, aphunzitsi. Zifufuteni.

L. adya mazira onse atatu.

Loweruka, 13 Seputembala

Tsiku lotentha nazale ya fodya kudambo. Mapesi tinaunjika dzulo pamabedi onse anayi, mmawa uno tayatsa kuti mbewu za udzu ndi tizilombo ta m'nthaka zipse tisanafese. L. anaumirira kubwera, akuti ku Kapelula amatentha mwaluso kuposa ife a kuno.

Dzuwa litapendeka tinabwerera kukapalasa phulusa. Patapata ndinamuvula ndekha, pulasitiki ndi moto sizimvana, aliyense amadziwa. Phulusa pamwamba linali loyera, lozizira m'maso. Ndaima m'mphepete mwa bedi ndi leki, ndikuwasimbira L. za mzungu wina wa ku koleji amene ankaopa nkhuku. Nkhani yabwino, ndimaikamba bwino. Ndisanafike pa nkhuku penipeni ndaona L. akununkhiza m'mwamba ngati galu wa uzimba, kenako akuyang'ana pansi.

"Alamu, mukupsa."

Sanadikire yankho. Anandikankha ndi phewa, tonse awiri mpaka m'chitsime chothirira nazale, madzi a m'mawondo. Pansi pa phulusa lija panali chitsa cha chimanga chikadali chofiira, ndipo ine ndinali nditachiponda sindikudziwa kwa nthawi yaitali bwanji.

Ndinkakonda kuphunzitsa kuti ukagwira poto wamoto dzanja limathawa ubongo usanamve. Uthenga umangofika pamsana nkubwerera pomwepo, bwana kumtunda amauzidwa zitatha. Lero uthenga wa phazi langa unasowa njira, nkudzera m'mphuno mwa mlamu wanga.

Pobwerera nkhani ya belo ija sinamveke. Koyamba chifikireni.

Lamulungu, 14 Seputembala

Kutchalitchi sindinapite. Chithuza chake ngati dzira la nkhanga, pansi pa phazi. Sichikupweteka, ndipo chimenecho ndiye chikundiopsa.

L. abwera ndi beseni la madzi a mchere, ayamba alowetsamo chigongono chawo kuyesa kutentha, ndiye nkugwada. Ndinati ndisamba ndekha. Akuti ndikhale chete, lero wophunzitsa ndi iwo. Akutsuka, andiuza kuti za patapata anazimva asanatsike ndi panjinga pomwe, mai Fainala anawaimitsa panjira. Komanso si nkhani yatsopano. E. ali m'chipatala, sabata yake yomaliza, anawauza kuti alamu anuwo ayamba kuponda ngati akuyenda pa matiresi, ndipo sadzanena, muziwayang'ana kumapazi osati kukamwa.

Ndinayang'ana kumbali, kumtengo wa mango.

Lachiwiri, 16 Seputembala

Andikweza pakaliyala ngati thumba la fetereza mpaka ku chipatala cha mishoni. Ana a sukulu panjira: mwadzuka bwanji sala. Ndawayankha ngati nduna ili pa galimoto.

Namwino wake Feggie, amene ndinamuphunzitsa Fomu 3, wa pa desiki yakumbuyo. Wanditsinzinitsa, nkumandigunda ndi kaulusi kolimba, ndinene ndikamva. Ndinakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinafunsa ngati wayamba. Akuti watsala pang'ono kumaliza. Atandigogoda ndi kanyundo pabondo, mwendo unadumpha, ndinanyada. Kanyundo kuseri kwa kakolo, palibe. Magazi a pachala: shuga, wambiri, ndipo akuti wakhala akudya minyewayo mwakachetechete kwa zaka.

Ndinafunsa funso lomwe yankho lake ndimalidziwa. Akuti yomwe yafa yafa, sala, koma yotsalayo tingathe kuiteteza. Mapilitsi, tiyi wopanda shuga, nsapato zotseka ngakhale popita kuchimbudzi, ndipo tsiku lililonse kuyang'ana pansi pa mapazi, chifukwa ntchito yomwe minyewa yasiya aitenge ndi maso. Bala likanyalanyazidwa, phazi limapita. Pomanga bandeji anandikumbutsa kuti pa mutu womwewu ndinamupatsa 4 pa 20. Ndati ndikonza, abweretse pepalalo.

Lachisanu, 19 Seputembala

Tiyi wopanda shuga ndi madzi otentha amene anapita kusukulu.

Kuyang'ana pansi pa phazi ndayesa. Msana wa zaka 63 sulola. Ndimangoona chidendene, kwinako ndi dziko lachilendo. L. ndiye amandiyang'anira, nkumapereka lipoti ngati wolosera zanyengo.

Lachiwiri, 23 Seputembala

L. afesa nazale okha, ine ndili pachitsa ndi ambulera ngati kapitawo. Afesa mothithikana kwambiri. Sindinanene.

Tsopano aona zonse. Mkamwini wodwala shuga, wosamva moto, wonyamulidwa pakaliyala. Chifukwa chabwino chonditumizira kwathu sangachipezenso china. Masana ndinapezeka ndikuyang'ana m'nyumba kuti changa chenicheni nchiyani. Mabuku, wailesi, mpando umodzi. Singano ija ndi ya ndani?

Akonza kukhosi kawiri lero. Kachiwiri sanapemphe tiyi, anangotuluka.

Loweruka, 27 Seputembala

Ndadzuka chingwe chili chopanda zovala, njinga yapopedwa kale. Akuti nazale yawo ku Kapelula ili m'manja mwa akazi awo, ndipo akazi awo amathirira ngati akubatiza.

Ndinaona kuti ndisafe ndi kudikira. Ndawafunsa pakhonde pomwepo ngati panalibe mawu omwe anawatuma.

Anavomera. Akuti akuluakulu anakhala pansi mwezi watha, mawu anawapatsa, anawanyamula bwinobwino kuchoka nawo ku Kapelula. Akunena izi akulimbana ndi sipanala pa handulo ya njinga, osandiyang'ana.

"Ndiye ndikawauza kuti anandigwa panjira, sindinamve. Zimachitika, alamu. Ena amataya ndi patapata yemwe."

Ndinafunsa ngati sadzatuma wina. Akuti wotumidwa pa nkhani za mlongo wawo ndi iwo basi, ndipo iwo ndi munthu woiwalaiwala, aliyense amadziwa. Chomwe chinali kumasulidwa chija chinali galasi la njinga, lija loonera kumbuyo, lokhala ndi kandodo kake. Andipatsa m'manja. Akuti ndiziika pansi, phazi pamwamba, mmawa ndi madzulo, ndipo adzabwera nthawi yowokera fodya kudzaona ngati ndikukhoza. Ndati popanda galasi galimoto zidzawagunda kumbuyo. Akuti msewu wa ku Kapelula galimoto yake iti.

Ndawaperekeza mpaka pa mango, malire omwe Feggie anandiikira. Belu analiza atafika kale pamlatho.

M'nyumba muli zii. Ndatereka madzi, nkupeza ndatsuka makapu awiri. Imodzi ndabwezera pa shelefu. Kenako ndakhala pakhonde, pamalo a Loweruka paja, galasi pansi, ndamasula bandeji. Bala lauma m'mbali, pakati pakadali pofiira. Pafupi ndi chala chaching'ono pali kaminga, sindikudziwa ka liti.

Ndikukatenga singano.