Khomo Lakumbuyo

Levuka, Januwale

Okondedwa achimwene Peniasi,

Landirani moni. Muli bwanji ku Auckland kumeneko, inu, alamu anga a Mereoni ndi ana? Ife kuno tilipo, kungoti abambo miyendo yawakaniratu. Satsikanso pansi, amangokhala m'chipinda chapamwamba, momwe anazolowera kuyang'anira nyanja.

Nkhani ndi ya nyumba. Mukudziwa mmene agogo awo a abambo anaimangira, nthawi ija ankagulitsa kokonati wouma: sitolo pansi, banja pamwamba, khomo lakutsogolo kuyang'anizana ndi lakumbuyo. Nyanja ikalusa ankangotsegula onse awiri, madzi n'kudutsa pakati pa nsanamira osagwetsa kanthu.

Khomo lakumbuyolo ndi limene munalamula kuti litsekedwe ndi khoma la simenti, kuti pansi pakhale zipinda za alendo. Munatinso abambo tisawauze. A komiti yosamala nyumba zakale anabwera, anasisita matabwa akutsogolo, anayamikira khonde. Kuseri sanapiteko, mwina ankaopa kudetsa nsapato.

Lachiwiri masana mphepo yamkuntho inangotidutsa m'mbali, komabe nyanja inadumpha mpanda wa miyala, inaoloka msewu n'kulowa m'nyumba. Potulukira inasowa. Madzi ankamenya khoma lanulo n'kubwerera, nyumba yonse n'kumagwedera ngati tebulo la mwendo waufupi.

Ndinawachonderera abambo kuti tiwanyamule tikabisale kutchalitchi kumtunda. Anandiseka. Akuti nyumba imeneyi palibe anaithawapo, ndingotsika ndikatsegule makomo. Ndinatsikadi, ndinaima m'madzi ofika m'mawondo, kenako ndinakwera n'kuwauza kuti ndatsegula.

Magetsi anali atathima, ndiye tinayatsa nyali. Abambo anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Akanisi mwanangu, makomo onse akatseguka mphepo imakwera makwerero n'kuzimitsa nyali. Nanga iyi ikuyakiranji?"



Mmisiri Ilisoni wabwera kudzaona. Akuti nsanamira ziwiri zasuntha, ndipo n'zoona, chitseko cha chipinda changa sichikutsekekanso. Koma wakana kukhudza khoma popanda mawu anu, poti nyumba ili m'dzina lanu. Pawailesi akuti mkuntho wina ukusonkhana kumpoto.

Achimwene, ndili ndi mantha, ndiponso ndakukwiyirani. Abambo sadzatuluka muno malinga akukhulupirira kuti khomo lilipo. Choncho sankhani: muimbireni Ilisoni agwetse khomalo, kapena muwaimbire abambo muwauze nokha zimene munachita, mwina angalole kunyamulidwa. Ine kunama kwandikwana.

Za khomo sanandifunsenso. Koma kuyambira tsiku limenelo amandiuza kuti ndiziwasiyira nyali yoyaka pamwamba pa makwerero, ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo nyanja asiya kuiyang'ana. Amangoyang'ana nyaliyo.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, ndipo muwauze anawo kuti agogo awo amawatchula tsiku lililonse.

Ndine mlongo wanu,
Akanisi