Njira Yakuda ndi Khasu la Apongozi

Lolemba, 8 Seputembala

Njira za njinga zomwe ndimakonza m'phiri zatha, zitatu zonse. Msana ngati wasinjidwa mumtondo.

Yobiriwira, ya ophunzira ndi ana: m'mbali mwa mtsinje, m'nsungwi, yopanda chitunda. Yabuluu ikukwera mpaka pamisuku n'kutsika mokhotakhota, mizu apo ndi apo. Yakuda ndiye mwana wanga weniweni. Miyala, mizu, timitumbira todumphira, kenako Pa Anyani, pamene thanthwe limatsika ngati masitepe othyoka. Dzulo ndinagwapo, chigongono chasupuka. Ndi mmene payenera kukhalira.

A Mercy a kalabu ya njinga za m'mapiri ku Lilongwe aimba. Abwera Loweruka la sabata yamawa kudzayesa. Ati njira zofewa zili paliponse, chowachititsa kuwotcha mafuta mpaka kuseri kwa Mua kuno ndi yakudayo. Ikawakomera azibwera mwezi ndi mwezi. Ikapanda kutero, a Richard a komiti ya nkhalango ananena kale pamsonkhano: mvula isanagwe, phiri liperekedwa kwa owotcha makala. Mitengo yonse ija.

Penti wolembera pamitengo wakwera mtengo. Ndasungunula ndi parafini, akwane basi.

Lachitatu, 10 Seputembala

Koma abale!

Ndafika m'munsi mwa yabuluu, mizu yonse yadulidwa. Maenje akwiriridwa. Posesedwa bwinobwino ngati pabwalo la tchalitchi nthawi ya Pasaka. Ndikukwera, ndamva nyimbo. Amayi a mphakati, makasu m'manja, patsogolo apongozi anga.

Ndinalowa patchire. Nanga ndikanatani? Mkamwini ine, wa ku Golomoti, pamudzi pa eni. Chikwatirire Maness sitinayang'anizanepo ndi mayi ake. Tikakumana panjira iwo uku ine uku, moni chonjuta, maso pansi. Chonena chilichonse chimadzera mwa munthu. Dzina lawo ngakhale muno sindilemba. Ndiye ndinangoima kuseri kwa muwanga, ndikuonerera thukuta langa likusalazidwa, nyerere zikundikwera m'miyendo.

Madzulo ndamutuma Maness: ukawauze asiye, akuwononga, alendowa miyalayo ndi imene akuifuna. Iye kuseka mpaka kugwira nthiti. Ati munthu angachoke ku Lilongwe kudzafuna miyala, kwawoko inatha? Wapita komabe.

Lachisanu, 12 Seputembala

Amayi achuluka. Dzana anali a mphakati umodzi, lero iwiri. Wina wabwera ndi wilibala.

Ndamufunsa Maness kuti kodi unakanena zotani? Ati ndinakanena kuti bambo a kunyumba akuti musavutike, ntchitoyi njowawa, apitiriza okha. Apongozi ati mkamwini wachifundo chotere sapezeka, sangamusiye avutike yekha. Ati alendo akamabwera njira imalambulidwa, kubwere ansembe aakulu, kubwere a boma, ndi mmene timachitira. Alendo adutse m'miyala ngati pamudzi pano palibe anthu?

Ndati Maness, mawu anga aja anali otero? Ati aja sakanatuluka pakamwa pake, amayi ake si mnzake wa kumjigo.

Yabuluu yapita. Tsopano ndi yobiriwira yachiwiri. Mwana wa sukulu atha kutsikapo atanyamula mazira.

Tcheni cha njinga yanga chayambanso kudumpha. Jamali wokonza njinga pa Mtakataka akuti giya yatha mano. Zonse nthawi imodzi.

Lamulungu, 14 Seputembala

Titaweruka Misa ndawatsekereza a Richard. Ndi mlongo wawo wa apongozi, malume ake a Maness, munthu woti atha kukalankhula mosapsatira. Ndafotokoza zonse, mpaka kuwaonetsa kanema pafoni, anthu akudumpha m'matanthwe kunja uko. Aonera kukamwa kuli yasa. Kenako ati: "Awa ndi ofunika mapemphero. Ndiye iwe anthu akukuthandiza ulere ukudandaula?"

Ndati mukangowauza kuti yopaka penti wakuda asaikhudze. Ati chabwino chabwino, maso ali kwa ogulitsa zitumbuwa. Ndikudziwa sapita. Nawonso amawaopa achemwali awo. Komanso phiri likapita kumakala iwo sataya kanthu, mauvuni ena adzakhala a ana awo.

Mutu waphulika tsiku lonse.

Lachiwiri, 16 Seputembala

Alowa yakuda.

Timitumbira tonse pansi. Dothi lija ndinasenza pamutu ngati chiswe. Miyala yaundidwa m'mbali mwaukhondo, ina aipaka laimu! Laimu, m'nkhalango!

Iwo amalambula m'mawa dzuwa lisanakule, ine ndimabwezera masana. Kutentha kwake kwa Seputembala, mapazi kupsa m'nsapato. Ndakunkhuniza miyala mpaka zala kutuluka magazi. Anyani pathanthwe kumangondiyang'ana. Sindikuwada, nanenso ndikanaseka.

Lachitatu, 17 Seputembala

Shaa! Izi ndiye zaposa.

Maness wabwera ndi uthenga. Apongozi apsa mtima koopsa. Ati pali anthu ansanje akubwezera miyala m'njira kuti achititse manyazi mkamwini wawo pamaso pa alendo. Akuganizira a makala. Ati ndisade nkhawa, iwo ali moyo palibe adzandinyoze pamudzi pano. Anditumizira ndi thobwa m'chigubu, kuti ndilimbe mtima.

Thobwalo ndamwa, linali lokoma. N'chimene chikundipweteka kwambiri.

Ndamuuza Maness kuti kanene kuti wansanjeyo ndine. Wandiyang'ana, ati ndikanene kuti amuna anga amayenda pambuyo panu kumafafaniza ntchito yanu? Mukufuna ukwati kapena njinga? Watembenuka n'kumatsuka mbale mokhomanitsa.

Lachinayi, 18 Seputembala

Aika alonda. Amayi awiri atsalira panjira masana onse, akuluka tsitsi pamthunzi, kudikira wansanje. Ndadutsa ndi moni wanga, manja kumbuyo ngati woyendera. Ati onani ntchito bambo, see! Ndati zikomo kwambiri. Zikomo kwambiri, ine!

Kwatsala Pa Anyani pokha. Makasu akanika, thanthwe ndi thanthwe. Koma pali miyala ikuluikulu yomwe ndinaitsamiritsa pakati pa masitepe kuti tayala lipeze potera. Imeneyo ikachoka palibe njira, ndi phompho chabe. Ikakhala, mwina a Mercy aona kuti phirili lili ndi kanthu.

Ndakhala pamwamba pake mpaka dzuwa kupendeka. Pansi ponse mitengo, tsamba latsopano lofiira. Kutsidya, phiri la anzathu, mbee ngati mutu wometa, utsi wa mauvuni uli tolotolo. Mantha andigwira.

A Mercy atumiza uthenga: tikuyembekeza zoopsa. Ndayankha kuti zilipo.

Loweruka, 20 Seputembala

Zalero n'zovuta kulemba. Ndilembabe.

Ndinalawirira kukaona komaliza. Ndisanafike ndinamva chitsulo pamwala. Abwereka mgwala kwa a zomangamanga. Amayi atazungulira, akuimba, apongozi atagwira mgwalawo okha, ataulowetsa pansi pa mwala waukulu. Wayamba kale kusuntha.

Maness kulibe, anapita kusikelo ndi mwana. A Richard kaya. A Mercy anali ataimba kuti adutsa pa Golomoti. Wotuma panalibe. Ndinali kuseri kwa mtengo monga mwa masiku onse, mwala ukuti gwede, gwede.

Ndinatuluka. Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pamenepo. Ndinakuwa: "Siyani! Mukuwononga! Anakutumani ndani?" Kuwayang'ana m'maso. Ndinagwira mgwala n'kuutsomphola m'manja mwawo. Ndinanenanso kuti miyala ndimabwezera ndine, sabata yonse ndine, ndatopa nazo. Pamaso pa amayi onse aja.

Nyimbo zii. Wina anati mayo. Apongozi anayang'ana manja awo, anakonza chitenje, anatola nsapato zawo zomwe anavula pogwira ntchito. Anatsika, enawo pambuyo, mmodzimmodzi, makasu paphewa.

Alendo anafika dzuwa litakwera. Galimoto njinga zili pamwamba, zovala zothina, zipewa zolimba. Yobiriwira ati yabwino, abweretsa ana. Yabuluu ati njosalala kwambiri, chinachitika n'chiyani? Ndinati mvula. Mvula mu Seputembala! Yakuda anatsika nkhope zili zogwa, mpaka Pa Anyani. A Mercy anaima, anasuzumira, anabwerera m'mbuyo, n'kutsika. Kukuwa kwake! Anakwera wapansi njinga paphewa, kutsikanso, mobwerezabwereza. Mnzawo wina anagwa n'kudzuka akuseka, mlomo uli magazi.

Auza a Richard kuti azibwera, bola kumtundako ndibwezeretse mmene ndinawauzira. Komiti yavomera. Makala ayi.

Phiri latsala. Ndimayesa ndivina.

Kunyumba Maness wamva kale. Wandiikira madzi osamba, chakudya, zonse mwaulemu. Kenako wakagona choyang'ana kukhoma.

Lachiwiri, 23 Seputembala

Ndimadikira ankhoswe. Ndimadikira mlandu, nkhuku yopepesera, ngakhale kuuzidwa kuti nyamula zako ubwerere ku Golomoti. Ndinakonzeka. Palibe wabwera. A Richard ati achemwali awo akuti palibe nkhani.

Kuphiri phee. Palibe wokhudza mwala. Ndabwezera timitumbira tiwiri, ntchito yosakoma m'manja.

Lero masana, pobwera, m'nsungwi muja mwa yobiriwira. Patsogolo apongozi, mtolo wa nkhuni pamutu. Ndinatsika panjinga, kulowa patchire, kunjuta, maso pansi. Kudikira kuti nawo apatuke mbali inayo tipatsane moni.

Sanapatuke. Anayenda pakati penipeni pa njira, mapazi kufika pafupi ndi ine, n'kuima. Anandiyang'ana kuchokera pamwamba, ngati mmene amayang'anira wogulitsa usipa wodutsa. Ati: "Nasoni, tatuluka m'tchiremo. Ukubisala chiyani? Ukakhala ndi mawu uzingonena."

Dzina langa. Sindinalimvepo pakamwa pawo.

Anapitirira, nkhuni zikukhula nsungwi. Ine ndinakhalabe chinjutire. Kunjutira ndani tsopano, kaya.