Nyumba ya Ngongole Ziwiri

Okondedwa achimwene anga a Thaddeus,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko ku Alaska? Bondo lija likukuvutanibe ndi chisanu chanucho? Nanga alamu anga a Rosalind ndi ana? Kuno ku Georgia tilipo. Amayi shuga watsikako, akudya bwino, dzulo anachita kumaliza mbale ya nyemba ndi buledi wa chimanga n'kupempha zina. Za ine musafunse.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Mukuwadziwa amayi anu: maso anafooka koma makutu ndi a mwana. Ndikanong'ona kukhitchini amayankhira kuchipinda. Ndiye ndikulembera m'galimoto kuntchito, nthawi yopuma.

Achimwene, madzi afika m'khosi. Nyumba ya amayi ili pa chikole, ndipo tikapanda kuchitapo kanthu banki iwalanda.

Zinayamba ndi mlamu wanu Cedric. Anamva pawailesi kuti ku hotela ina kuli maphunziro aulere, napita. Kumeneko kunali mkulu wina wa suti, mano oyera mbee, akuti anthu olephera kulipira msonkho wa nyumba kapena ngongole ya kubanki, nyumba zawo zimagulitsidwa pa okushoni pamtengo wotaya. Ungogula, kupaka penti, kugulitsa, basi walemera. Cedric anabwerako akulankhula ngati wamwa. Ndinamuseka kuti munthu wolephera kukonza mpope wakubafa akufuna kukonza nyumba.

Koma ndisamunamizire yekha. Msana wanga watha ndi kunyamula nkhalamba kunyumba yosamalira okalamba, ndipo ndinayamba kulakalaka nanenso. Amene anakagwada kwa amayi ndine. Ndinawauza kuti tikongole madola 50,000 pa nyumba yawo, tibweza chilimwe chisanathe. Kubanki sanathe kuwerenga mapepala. Anangoti, “Ndisaine pati, mwanawe?” Ndinawagwira dzanja n'kuwalozera.

Mukudziwa mmene okushoni ya nyumba imakhalira Lachiwiri loyamba la mwezi pamasitepe a khothi. Anyamata a maloya kuwerenga mapepala chong'ung'udza ngati anthu achedwa kunkhomaliro, akadaulo atakhala pamipando yawo yopinda, macheke ali m'matumba. Ife tinali titasankha kale nyumba yathu: ya njerwa, zipinda zitatu, mtengo wa mtedza kuseri. Tinali titaizungulira kawiri, kusuzumira m'mawindo, Cedric mpaka kukwera padenga.

Anyamata aja atatchula mtengo woyambira wa nyumbayo, Cedric anakweza mkono. Wina aliyense zii. Ine ndinamutsina ndi chimwemwe, ndimvekere Mulungu watseka pakamwa pa anthu olemera. Inatigwera pa madola 46,000.

Tikutsika, bambo wina wa chipewa, akutokosa m'mano, anatifunsa ngati tinafufuza bwino. Cedric anayankha monyada kuti inde, denga silidontha. Bamboyo anatiyang'ana nthawi yaitali, nati, “Zabwino zonse, mphwanga.” Ine ndinkati ndi nsanje.

Kupusa kwake! Nyumbayo inali ndi ngongole ziwiri. Mwini wake anakongola yaikulu poigula, kenako yaing'ono kwa anthu ena. Amene ankagulitsa tsikulo anali a yaing'onoyo. Yaikulu inatsala pomwepo, yamamatira kunyumba ngati nkhupakupa, ndipo wogula amagula nayo limodzi. Onse pamasitepe paja ankadziwa, chifukwa amayamba apita kuofesi ya malo kukaona amene ali ndi chikole pa nyumba iliyonse. Ife tinkaona denga. Cedric akuti mkulu wa suti uja ananena kuti za kufufuzazo aphunzitsa m'kalasi lachiwiri, lolipira. Ndine ndinakaniza kuti tisataye ndalama.

Tsopano banki ya ngongole yaikuluyo yatilembera. Akufuna madola 138,000, apo ayi aigulitsa pamasitepe omwewo Lachiwiri loyamba la Malichi. Akatero ife titsala manja lende, koma ngongole ya pa nyumba ya amayi ikhalapobe. Talephera kale kulipira miyezi iwiri. Cedric wagulitsa galimoto yake, ndalama zathera msonkho umene mwini wake anasiya osalipira, ndi loya amene anatiuza mawu amodzi okha, akuti chogulidwa pamasitepe sichibwezedwa.

Alamu amagwira ntchito kwa maloya, chonde muwafunse, poti ine mutu waima. Kodi n'zoona kuti palibiretu njira yobwezera? Tikapeza wogula Malichi asanafike, banki ingalole kudikira? Akaigulitsa okha n'kutsalako kanthu, kotsalako kamabwera kwa ife kapena kwa mwini wake wakale? Ndipo funso limene likundisowetsa tulo ndi ili: kodi angatulutsedi mayi wokalamba, wosaona bwino, m'nyumba imene atate anamwaliriramo, chifukwa cha pepala limene sanaliwerenge?

Ndikudziwa zimene munena. Munena kuti Claudette sanamvepo za munthu chibadwire. Nenani, ndameza kale manyazi. Mukandikalipira mukatha, ndithandizeni. Sindikupempha ndalama zonse, ndikudziwa kuti usodzi wanu sunayende bwino chaka chino. Ndikupempha zoti titseke miyezi iwiriyi ndi inanso ingapo, banki ya amayi ikhale chete pamene tikufuna wogula. Ndidzabweza ngakhale ndigwire maganyu mpaka kukalamba.

Chachiwiri ndi chovuta kuposa ndalama. Bwerani. Amayi sakudziwa kanthu, ndipo ndekha pakamwa pakukanika kutseguka.

Ndinayesa Lamlungu lapitali. Tikuchokera kutchalitchi anaumirira kuti tiwapititse akaone nyumba yatsopano. Ndinati mwina ndiwauzira konko. Analowa atagwira mkono wanga, akupapasa makoma, kugogoda zitseko, akuyamikira kuti njerwa zake n'zolimba. Atafika m'chipinda choyang'ana kumtengo kuja anaima nati, “Iyi musagulitse. Thaddeus akatopa ndi chisanu adzakhala muno, ndizimva galimoto yake ikubwera.” Kenako anavula lamba wa diresi lawo n'kuyamba kuyeza mawindo.

Cedric anatuluka kukaima kuseri. Ndinamupeza akulira ngati mwana, ine n'kumukalipira kuti apukute nkhope amayi angamve mphuno.

Kuyambira tsikulo akusoka makatani. Singano ndimawalowetsera ulusi ndine, iwo amasoka mopapasa, akuimba nyimbo za kwaya. Nsalu yake ndi yachikasu, anagula ndi ndalama zawo za penshoni. Amaliza awiri.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Imani ndi kwa Josiah wamng'ono. Ambuye akusungeni panyanjapo, akupatseni mtima wondikhululukira, kapena ngakhale wongondiyankha. Muyankhe kudzera kuntchito kwanga, osati kunyumba.

Lamlungu likubwerali akuimbirani monga mwa masiku onse, ndipo akuuzani za chipinda chanu. Chonde achimwene, mawu anu asanjenjemere. Muwafunse mtundu wa makataniwo, muwauze kuti mumakonda achikasu.

Ndine mlongo wanu wosowa pogwira,
Claudette