Bampala Yosagogoda Ichotsetsa Munthu Ntchito

Aphungu,

Musandiseke chonde, ngakhale inenso ndikulemba kalatayi ndikuseka ndekha ngati mutu wabalalika. Ndine dokotala wa ziweto, zaka zanga zadutsa makumi atatu, ndipo sindinakwatiwepo. Ntchito yanga ndi yoyenda m'mafamu, choncho ndili ndi galimoto yakale ya matayala akuluakulu yolimbana ndi misewu yoipa. Dzinja lathali inatitimira m'matope ndikuthamangira ng'ombe yomwe inkavutika kubereka. Ndinakafika wapansi, nsapato imodzi itatsala m'dambo, n'kupeza ng'ombeyo yabereka kale yokha, ikungondiyang'ana ngati ikufunsa kuti ndadzatani.

Ndinalumbira kuti zimenezi sizidzandichitikiranso. Ndinagula bampala yachitsulo ndi winchi, kamakina kokhala kutsogolo kwa galimoto kamene kamakulunga chingwe, kuti ukatitimira ungomangirira pamtengo, galimoto n'kudzikoka yokha. Ndinapita nazo kugalaja ina kuseri kwa msika. Mwini galaja, bambo wa mawu ngati wailesi yotsegula mpaka kumapeto, anandipatsa makaniko wina amene anzake amamutcha Chete, chifukwa tsiku limatha osamumva mawu.

Aphungu, ndinapita kukangosiya galimoto, koma sindinachoke. Ndinakhala pa tayala lakutha mpaka ntchito kutha. Munthuyu anachotsa bampala yapulasitiki mosamala, timabawuti tonse n'kuponya m'chitini kuti tisasowe. Anayamba walowetsa winchi m'malo mwake bampala yatsopanoyo ikadali pansi, akuti ukaikweza kaye, manja sakwananso kumbuyoko. Kenako anzake awiri anainyamula, iye ali chagada pansi pa galimoto akulowetsa mabawuti m'chasisi, zitsulo zonyamula thupi la galimoto. Sanalimbitse ngakhale limodzi mpaka atakaima patali, diso limodzi atatsinzina, kuona ngati yawongoka. Mawaya opita kubatire anawaveka mphira paliponse pamene akanakhuzana ndi chitsulo. Ine amene ndimapisa mkono m'mimba mwa ng'ombe osaphethira, makutu ankanditentha poona munthu akumanga waya.

Chimene chinandimaliza ndi chingwe. Ananditengera kubwalo la kuseri kwa galaja, chingwe n'kuchimangirira pamtengo. "Adokotala," anatero, "chingwe chatsopano chimafuna kukulungidwa chikukoka cholemera, apo ayi chidzadzidya chokha tsiku lomwe mukuchifuna. Khalani pachiwongolero, phazi pabuleki, pang'ono chabe." Galimoto inayamba kukwawa, iye akuyenda pambali pa windo langa, limoti yoyendetsera winchi ili m'manja. Kenako anati tisinthane, ndipo anavula magolovesi ake n'kundipatsa. Anali akadali ofunda. Ananena zambiri za poyenera kuima ndi posayenera kugwira, ine ndikungogwedeza mutu, koma kunena zoona palibe chomwe chinalowa. Mtima wanga unathawa pomwepo ndipo mpaka lero sunabwerere.

Kuyambira tsiku limenelo sindili bwino. Ndimaimba pobaya nkhumba jekeseni. Mlimi wina anandifunsa ngati ndawina mpikisano. Mng'ono wanga, amene ndimakhala naye, anandipeza m'mawa ndikupukuta bampala ndi thawulo la alendo, ndipo anati, "Achemwali, chitsulochi mukuchisekerera chakuuzani chiyani?"

Ndinafuna kumuonanso munthuyu, koma chifukwa chopitira kugalaja ndinalibe, poti ntchito yake inali yopanda banga. Ndiye ndinapita n'kukanena kuti bampala ikugogoda. Anagwira bawuti lililonse ndi sipanala, sanapeze kanthu, ndipo anati tikwere tikaimvere limodzi mumsewu wa mabampu. Aphungu, ulendo umenewo! Iye khutu lili tcheru ku bampala, ine maso ali pa khutulo. Sabata yotsatira ndinabwereranso, ndati tsopano ikugogoda kumanzere. Kenako ndati imagogoda kukatentha. M'maulendo amenewa Chete anayamba kumasuka. Anandiuza kuti amaweta nkhunda, ndipo anandifunsa mankhwala a nsabwe zake. Tsiku lina anaseka, mano onse poyera, ine n'kutsala pang'ono kugunda mpanda wa eni ake. Mayi wogulitsa tiyi pageti pa galaja anandinong'oneza kuti munthuyu alibe mkazi, amakhala ndi mlongo wake.

Vuto labwera ulendo wathawu. Nditangoimitsa galimoto, mwini galaja anatuluka mu ofesi n'kumukalipira pamaso pa anzake ndi makasitomala. "Iwe Chete, galimoto yomweyomweyi tsiku ndi tsiku? Ukufuna anthu aziti pano timamata zitsulo ndi malovu? Ikangobweranso ikugogoda, utenge bokosi lako la zida uzipita!" Chete anapukuta manja, n'kundiperekeza kugalimoto, ndipo ananena motsitsa mawu kuti, "Pepani adokotala. Mubwere nayo Loweruka masana abwana atachoka, ndidzamasula zonse ndiyambirenso. Mwina makutu angawa ayamba kufa."

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Koma taonani uchitsiru wanga: ndisanafike n'kunyumba komwe, ndinali nditayamba kale kuganiza diresi yodzavala Loweruka.

Mng'ono wanga akuti nkhaniyi ndi yosavuta. Akuti ndiponye kanati kapena kamwala m'kati mwa bampala, kapena ndimasule bawuti limodzi pang'ono, kuti Chete akapeze chogogoda, akonze, aliyense asangalale, chinsinsi changa chikhale chosaululika. Aphungu, ndichite zimenezi? Sindikufuna kuti munthuyu achotsedwe ntchito chifukwa cha ine, komanso ndikuopa kuti ndikamuuza zoona sadzafunanso kundiona. Ndithandizeni Loweruka lisanafike.

T.N.K.,
kumapeto kwa msewu wa matope

Adokotala,

Mwati ndisakusekeni, koma ndaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Matenda anuwa ndi odziwika, ndipo si ochititsa manyazi. Mwakonda munthu chifukwa mwamuona akugwira ntchito yake mosamala, ndipo pali njira zambiri zopusa kuposa imeneyi zosankhira mwamuna. Kumbali imeneyo ndikukuyamikirani.

Tsopano tikambe zoona. Pamasewera anuwa inu mukukwera galimoto n'kumamva kukoma, koma amene akupsa ndi Chete. Makaniko chuma chake ndi makutu, manja ndi mbiri. Inu mwamuchititsa kukayikira makutu ake, ndipo mbiri yake mwaiika m'kamwa mwa bwana wolongolola. Munthu amene wakugwirirani ntchito yabwino akupepesa kwa inu. Chimenechi chikuyenera kutha sabata ino.

Nzeru za mng'ono wanuzo zitayeni kutali. Mpatseni moni, koma muuzeni kuti aphungu akana. Chete akakapeza kanati m'bampala, bwana adzati ndi iyeyo anakasiyamo, ndiye kuti mwamupezera umboni womuchotsera ntchito. Za kumasula bawuti ndiye musayerekeze n'komwe. Mabawuti amenewo ndi amene amanyamula mphamvu yonse winchi ikamakoka galimoto m'matope, ndipo chitsulo chikazuka chingwe chili chokungika, woima pafupi sapita kunyumba ndi miyendo yake.

Musadikire Loweruka. Yambani ndi mwini galaja, ndipo mukayankhule naye pabwalo pomwe anakalipira paja, anthu akumva, osati mu ofesi chitseko chotseka. Simukuyenera kumuululira za mumtima mwanu, zimenezo si zake. Mukangomuuza kuti bampala ilibe vuto ndipo sinakhalepo nalo, kuti wolakwa ndinu, komanso kuti ntchito ya makaniko wake mungaiyamikire kwa aliyense wofuna winchi. Adzakuyang'anani modabwa, mwina anyamata adzatsinana. Pirirani, mnzanu anapirira zoposa pamenepo chifukwa cha inu.

Mukatero mupemphe Chete kuti muyankhule naye pambali. Yambani ndi kupepesa, ndipo kupepesako kukhale kokwanira pakokha, kopanda kuseka. Muuzeni kuti makutu ake ali bwinobwino, panalibe chogogoda. Adzafunsa chifukwa chake, kapena poti ndi Chete, adzangokuyang'anani. Pamenepo nenani mwachidule kuti munkafuna kumuona ndipo munasowa ponenera. Mawu amenewa sanaphepo munthu. Mumufunsenso yekha ngati ali ndi wina, chifukwa mayi wa tiyi amadziwa za pageti, za mumtima mwa munthu sazidziwa.

Konzekani kuti akhoza kukwiya, ndipo ali ndi ufulu wotero. Akakwiya musamuthamangitse ndi mafoni, mpatseni mpata. Akhozanso kukuuzani mwaulemu kuti iye maganizo amenewo alibe. Zidzawawa, mudzalira pang'ono, mng'ono wanu adzakuphikirani tiyi, koma munthuyo adzakhala ali pantchito yake ndipo inu mudzayenda mutu uli m'mwamba. Komabe ine ndakalamba ndikuwerenga makalata, ndipo mwamuna wosayankhula akayamba kukuuzani za nsabwe za nkhunda zake, sindithamangira kutaya mtima.

Pali china chomwe chandidetsa nkhawa. Mwavomera nokha kuti pamene ankakuphunzitsani za chingwe, mutu wanu unali m'magolovesi. Ndiye kuti muli ndi makina oopsa kutsogolo kwa galimoto koma simudziwa poima. Mvula isanagwe, pezani wokuphunzitsaninso, kaya ndi Chete kaya ndi wina: kumangirira pamtengo ndi lamba, kuponya chinsanza cholemera pachingwe kuti chikaduka chisakwapule munthu, ndi kuthamangitsa oonerera. Ulendo uno mumvetsere.

Chenjezo langa lomaliza ndi ili. Diresi ija valani ngati mukufuna, koma makiyi musiyire mng'ono wanu. Ndikukudziwani anthu ogwidwa ndi matenda amenewa: mukakalowa pageti muli pachiwongolero, Chete n'kudzuka ndi sipanala m'manja, mantha adzakugwirani, pakamwa panu padzatuluka bodza lomwe lija, ndipo madzulo ake munthuyo adzanyamula bokosi lake la zida. Pitani wapansi, adokotala, kuti akakuonani adziwe kuti mwabwerera iyeyo.

Aphungu